Usamayankhire munthu amene sanayankhe

Mphwanga,

Amayi ako andiuza kuti wayamba kupatsidwa ntchito zolemba mapulogalamu, ndipo imodzi mwa ntchitozo ndi ya kaundula wa ana a kusikelo. Mtima wanga wakondwa. Mwana wa ku Chiwamba kulemba chinthu chimene alangizi a zaumoyo adzanyamule m'manja poyenda m'midzi, imeneyo si nkhani yaing'ono ayi. N'chifukwa chake ndati ndikulembere za kanthu kamodzi kamene m'kalasi amangokadutsa mwachangu, koma ine, pa zaka zanga zogwira ntchito ndi makaundula ndi makompyuta, ndakaona kakupweteketsa anthu kuposa zinthu zikuluzikulu zimene achinyamata mumaziopa. Ndikunena za chimene pulogalamu yako imachita funso likatsala losayankhidwa.

Function iliyonse imene umalemba imapempha zinthu zingapo kuti igwire ntchito, zija mumati ma parameter. Yolemba mwana m'kaundula idzapempha dzina, mudzi, tsiku lobadwa, kulemera kwa mwana, nambala ya foni ya mayi. Chilichonse umachipatsa mtundu wake: ichi ndi mawu, ichi ndi nambala, ichi ndi tsiku. Ukatero pamabwera funso lakuti, nanga woitana function ija akapanda kupereka chimodzi? Zilankhulo zambiri za makompyuta zimakulola kunena kuti chakuti akhoza kuchisiya, ndipo akachisiya m'malo mwake mulowe chakuti. Apa ndi pamene zala zimathamanga zokha n'kulemba `= null`, kapena `= 0`, kuti pulogalamu isiye kudandaula upitirire pa zina. Ima kaye pamenepo. Ukugamula mlandu wa mayi amene sudzamuona, ndipo chigamulo chakocho chidzabwerezedwa kambirimbiri iwe uli m'tulo.

Usaganize kuti ndiwe woyamba kubweretsa kompyuta m'midzi ya kuno. Mu 2008, pa chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, wophunzira wa ku Stanford dzina lake Josh Nesbit anagawa mafoni kwa anthu odzipereka a m'midzi kuti azitumiza mauthenga a odwala kuchipatala kudzera mu FrontlineSMS, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inabala bungwe la Medic Mobile. Mu 2013 a Baobab Health Trust anaika kaundula wa pakompyuta m'mudzi wa Chalasa kwa Mtema, mudzi wopanda magetsi, kuti mwana akabadwa kapena munthu akamwalira zizilembedwa pomwepo. Malipoti a mwezi ndi mwezi a zipatala zathu, kaya za ku Kabudula, ku Nambuma kapena kwathu ku Chiwamba, amathera mu DHIS2, pulogalamu imene imasamalidwa ndi a yunivesite ya Oslo. Mu 2017 a NRB analemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika. Aliyense wolemba anthu a kwathu amakumana ndi chinthu chimodzimodzi: anthu sakunama, koma moyo wawo sukwana m'timabokosi ta fomu. Agogo sadziwa tsiku limene anabadwa, amangodziwa kuti anali akukwawa pamene Kamuzu anabwera mu 1958. Foni imene mayi wapereka ndi ya aneba. Mudzi unagawikana, ena akutchula dzina la mfumu yakale, ena la yatsopano. Mipata ya m'kaundula si uve woti uusese. Ina mwa iyo ndiyo zoona zokha zimene zili pa tsambalo.

Tiye kusikelo. Mlangizi wakoloweka sikelo pa nthambi ya mtengo wa mango, amayi akhala pamzere timabuku ta ana tili m'manja, tina titafewa ndi thukuta la pamsana. Mwana amulowetsa m'kabudula wa sikelo uja n'kumupachika, akuphupha, muvi ukuvina. Mlangizi akudikira kuti uime, ndipo walemba 8.4. Tsopano tsitsa maso m'kaundula pa mzere wa mwana wina pamene sipanalembedwe kanthu. Mwina mayi sanabwere, ali kuchigafa akusoka fodya. Mwina anabwera koma tsikulo sikelo inali itafa. Mwina mwanayo anafika thupi lili moto ndipo anamuthamangitsira kuchipatala asanamuyeze. Mwinanso anayezedwa, mlangizi analemba m'kabuku ka mayi koma sanakopere m'kaundula chifukwa mzere unali wautali. Nkhani iliyonse pamenepa ikufuna chochita chake: uyu kumutsatira kunyumba, apa kupeza sikelo ina, uyo kufunsa kuchipatala ngati anachira. Palibe ngakhale imodzi imene ikutanthauza kuti mwanayo akulemera makilogalamu 0. Koma function yako ikanena kuti kulemera kukasiyidwa mulowe 0, mwana wathanzi adzatulukira pa mndandanda wa onyentchera ofunika chiponde, ndipo chiwerengero cha mudzi wonse chidzaoneka ngati kwagwa njala. Ukati chabwino, ndiikemo 10 popeza ana ambiri amakhala cha pamenepo, waonjeza tsoka. Mwana wonyentchera weniweni, amene mayi ake sanabwere naye chifukwa cha manyazi, wamubisa pakati pa athanzi.

Tsono tembenuza nkhaniyi uione kumbuyo kwake. Mlangizi yemweyo ali ndi bokosi la mankhwala a kiliniki ya m'mudzi, momwe muli LA wa malungo, Thanzi ndi mankhwala a chibayo, ndipo amatumiza chiwerengero cha zotsala, monga momwe dongosolo la cStock linazoloweretsera alangizi kuchita pa SMS. Akanena kuti LA watsala 0, limenelo ndi yankho lathunthu, ndipo mu February mvula ili mkati, malungo akugwetsa ana nyumba ndi nyumba, palibe nambala ina yofunika kuposa imeneyo. Nkhokwe yopanda chimanga ndi yosiyana ndi nkhokwe imene sunasuzumiremo: yoyamba ikukuuza kuti ukafune ganyu lero lomwe, yachiwiri ikungokuuza kuti ukaone. Zilankhulo zingapo zimasakaniza ziwirizi ngati sunachenjere. Mu JavaScript ukalemba `otsala || 30`, chizindikiro chimenecho chimaona 0 ngati munthu sanayankhe, ndipo chimalowetsa 30. Mlangizi wanena kuti mankhwala atha, pulogalamu yauza akuchipatala kuti alipo. Mu 2020 chilankhulocho chinalandira chizindikiro china, `??`, chimene chimalowetsa cholowa m'malo pokhapokha ngati palibedi yankho, ndipo 0 chimamusiya momwe alili. Mu Python msampha womwewo uli pa `if not otsala`. Mu PHP, `empty` imaona ngakhale chilembo cha 0 cholembedwa ngati mawu kuti ndi chopanda kanthu. A DHIS2 nkhaniyi anaidziwa, n'chifukwa chake pa chinthu chilichonse chowerengedwa pali posankha ngati ma ziro ake azisungidwa kapena ayi. Ukadzapatsidwa ntchito yokonza mafomu mmenemo, usadumphe kabokosi kameneko. Funsa anthu a pulogalamu ya malungo kapena ya katemera kuti 0 wa pamenepo akutanthauza chiyani kwa iwo.

Null nayo ili ndi mbiri yake, ndipo ndi bwino uidziwe. Tony Hoare, katswiri wa ku Britain amene anapanga njira yosanjira zinthu yotchedwa Quicksort, ndiye analowetsa null m'chilankhulo cha ALGOL W mu 1965. Mu 2009, polankhula pa msonkhano ku London, munthu wamkuluyu anapepesa poyera. Anati chinali cholakwa chimene chaonongetsa ndalama zokwana biliyoni ya madola, ndipo anachichita chifukwa choti chinali chosavuta kupanga. Umvetse bwino chimene anapepesera. Kukhala ndi njira yonenera kuti pano palibe yankho si tchimo, njira imeneyo ndi yofunika. Cholakwika chinali kuilola null kulowa paliponse mosaitanidwa. Mu Java ukalemba `String dzina`, mtunduwo ukulonjeza mawu, koma mkatimo mukhoza kukhala null ndipo compiler sikuchenjeza. Umadziwa tsiku limene pulogalamu yagwa ndi NullPointerException, osati pa tebulo lako mu Lilongwe, koma m'manja mwa mlangizi ku mudzi wopanda netiweki, amayi ali pamzere, dzuwa likuswa mtengo.

Zilankhulo za masiku ano zakhala zikukonza zimenezi. Swift inatuluka mu 2014 itasiyanitsa kale chinthu chimene chilipo ndithu ndi chimene chikhoza kusowa. Kotlin, imene inakhazikika mu 2016 ndipo a Google anaiika patsogolo pa mapulogalamu a Android mu 2019, imasiyanitsa `String` ndi `String?`, ndipo sikulola kugwiritsa ntchito chachiwiricho usanaone ngati muli kanthu. C# inatsatira mu 2019. Dart, imene anzako ambiri a Flutter akugwiritsa ntchito, inayamba kusiyanitsa zimenezi mu 2021 ndipo pofika 2023 inakakamiza aliyense. Rust ilibe null ya mtundu umenewu n'komwe, ili ndi `Option`. Anthu osiyana, makampani opikisana, onse anafika pa ganizo limodzi lakuti kusowa kwa yankho kuzilembedwa pa mtundu weniweniwo, poonekera.

Koma pali pena pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene ngakhale odziwa ntchito amaterereka. Pa parameter iliyonse pali mafunso awiri, osati limodzi. Loyamba: kodi woitana akhoza kuisiya osaitchula? Lachiwiri: kodi ikatchulidwa ikhoza kukhala yopanda kanthu? Awa ndi mafunso osiyana, ndipo chilankhulo cha PHP, chimene chimayendetsa WordPress, Moodle ndi Laravel, chinakhala zaka zambiri chikuwamanga mtolo umodzi. Kuyambira m'masiku a PHP 5, ukalemba mtundu wa parameter n'kutsatiza `= null`, chilankhulocho chinkasintha mtunduwo mwakachetechete kuti uzilolanso null. Tenga `float $kulemera = null`. Diso likuwerenga kuti pano pamalowa nambala, koma zoona zake n'zakuti pamalowa nambala kapena null, ndipo chimene chanena zimenezo si mtundu ayi, ndi kamchira kali kumapeto. Tsiku lina mnzako wa pantchito adzaona kuti cholowa m'malo chisinthe, adzachotsa null n'kuikapo nambala. Iye akuganiza kuti wasintha chinthu chimodzi, koma wasintha ziwiri, pakuti mtundu uja wasiya kulola null, ndipo malo onse amene ankatumiza null mwadala ayamba kugwa. PHP 7.1 mu 2016 inabweretsa njira yolunjika, `?float`. PHP 8.0 mu 2020 inaonjeza `float|null`. Ndipo PHP 8.4, imene inatuluka mu November 2024, inayamba kuchenjeza aliyense wolemba mwa njira yakale ija kuti asiye. Python inayenda msewu womwewo. Chikalata cha PEP 484, chimene chinabweretsa kalembedwe ka mitundu, poyamba chinkalola kuti `= None` azisintha mtundu yekha, kenako eni ake anabweza mawu, ndipo kuyambira 2022 chida choyezera mitundu cha mypy chimakana zimenezo pokhapokha utachiuza mwadala. Lero umalemba `kulemera: float | None = None`, zonse ziwiri zili poyera.

Ena amadandaula kuti uku n'kuchulutsa zolemba pachabe, kuti aliyense woona `= null` akudziwa kale tanthauzo lake. Ine sindigwirizana nawo. Mzere umene umatchula zimene function ikupempha ndi pangano pakati pa iwe ndi munthu amene adzagwire ntchito yako iwe utachoka, mwina uli ku Johannesburg, mwina foni yako sikupezeka. Pangano lonena china pamaso n'kumatanthauza china kumbali si pangano labwino, ngakhale onse olisainira atadziwa chinsinsicho, chifukwa wobwera mawa sanali pamenepo.

Ukawalekanitsa mafunso awiriwa upeza chinthu chimene ndikufuna uchikonde: parameter imene sungaisiye, koma ikhoza kukhala yopanda kanthu. Mu Dart ndi `required double? kulemera`. Mu PHP ndi `?float $kulemera` popanda kamchira. Mu Kotlin ndi `kulemera: Double?` basi. Tanthauzo lake n'lakuti woitana aliyense ayenera kunena ndi pakamwa pake, kaya "mwanayu ndi 8.4" kaya "sindinamuyeze". Kungokhala chete sikuloledwa. Phindu lake uliona tsiku limene udzaonjezere chinthu chatsopano, tinene muyezo wa mkono uja wa tepi ya mitundu itatu, umene ukatsika pansi pa masentimita 11.5 mwana amakhala pa ngozi. Ukauika ngati wosiyika, pulogalamu yonse idzayenda bwinobwino osadandaula, ndipo mafomu ena amene unaiwala kuwakonza adzakhala akutumiza null kwa miyezi osadziwika. Ukauika ngati wofunika kutchulidwa, compiler idzakuloza malo onse amodziamodzi, ndipo pa malo alionse udzaganiza. Ntchito ya tsiku limodzi imeneyo, usaithawe.

Ndipo compiler ikakukaniza, usaitseke pakamwa. Kotlin ili ndi `!!`, Dart ili ndi `!`, zizindikiro zolumbirira kuti muno muli kanthu ndithu. Achinyamata ambiri amazimwaza paliponse pamene pafiira kuti ntchito ithe asanaweruke. Kutero n'kubweza vuto la 1965 lija ndi manja ako. Mnzake wa zimenezi ndi `?? 0` woikidwa popanda kuganiza, amene ndi woipa kwambiri chifukwa pulogalamu sigwa n'komwe, imangoyamba kunama mwaulemu. Pulogalamu yogwa anthu amaidandaula ndipo imakonzedwa. Yonama imakhulupiriridwa, lipoti lake limafika ku boma, ndipo mankhwala amagawidwa motsatira bodzalo.

Pali ma parameter ena amene sayenera kukhala ndi cholowa m'malo ngakhale pang'ono. LA amaperekedwa motsatira kulemera: kuyambira makilogalamu 5 mpaka osafika 15 piritsi limodzi pa nthawi, 15 mpaka osafika 25 awiri, 25 mpaka osafika 35 atatu, kuyambira 35 anayi, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Function yowerengera mlingo umenewu ikapanda kulandira kulemera, ikane, inene kuti yezani kaye kapena tsatirani njira ya zaka imene a zaumoyo anakhazikitsa. Isalote. Chimodzimodzi malo a pa mapu. Foni ikalephera kugwira GPS, pulogalamu yosasamala imalemba 0 ndi 0, ndipo malo amenewo alipodi, ali pakati pa nyanja ya Atlantic kumwera kwa Ghana. Akatswiri a mapu anafika powapatsa dzina loti Null Island chifukwa cha kuchuluka kwa zinthu zosochera kumeneko. Mjigo wa ku Nsaru ukakathera m'nyanja, pa mapu a boma mudziwo ulibe mjigo, ndipo ukadzaonongeka palibe adzaukumbukire. Tsiku nalo lili ndi msampha wake: makompyuta ambiri amawerenga nthawi kuyambira pa 1 January 1970, choncho tsiku lobadwa lolowetsedwa ngati 0 limasandutsa khanda kukhala munthu wa zaka zoposa makumi asanu.

Mwina ukuganiza kuti mankhwala ake ndi kukakamiza funso lililonse, fomu isapitirire mpaka bokosi lililonse litadzazidwa. Mabwana ena adzakuuza zimenezo, chifukwa amakonda kuona lipoti lopanda mipata. Uwakanize mwaulemu. Mlangizi amene ali ndi amayi ambiri pamzere, fomu ikamukaniza kupitirira, adzalemba chilichonse chimene chingatsegule chitseko: 99, 1 January, nambala ya foni yake yomwe. Sindimuimba mlandu, wolakwa ndi amene anapanga fomu yosalola munthu kunena zoona. Mpata umaoneka ndipo ukhoza kutsatiridwa, koma yankho lopeka limafanana ndi yankho lenileni mpaka kalekale. Mpatse batani loti "sizikudziwika". Pa nkhani ya tsiku lobadwa, tengera nzeru ya pulogalamu ya OpenMRS, imene pambali pa tsikulo imasunganso chizindikiro chonena ngati ndi loyerekeza chabe. Agogo aja a 1958 alembedwe chaka choyerekeza, koma cholembedwacho chizinena chokha kuti ndi choyerekeza, kuti mawa wina asadzawakanize thandizo chifukwa tsiku la pa chiphaso lasiyana ndi la m'buku la kuchipatala.

Tsopano ndikuuze pamene null payokha imaperewera, ndipo apa ndikupempha umvetsere ndi mtima wonse. Yerekeza function yosintha zimene zinalembedwa kale za mayi: dzina, mudzi, nambala ya foni, zonse zosiyika, zonse `= null`, ndipo lamulo lako n'lakuti chimene chili null usachikhudze. Zikuoneka zanzeru. Tsiku lina pakubwera mayi amene ukwati wake watha. Nambala imene ili m'kaundula ndi ya mwamuna uja, ndipo mauthenga okumbutsa tsiku lokatenga mankhwala akupitabe kwa iye. Mayiyo alibe foni ina. Akupempha chinthu chimodzi, kuti nambalayo ichotsedwe. Kalaliki wafufuta bokosi, wasunga, pulogalamu yati zatheka. Koma bokosi lofufutidwa lafika kwa function yako ngati null, ndipo null kwa iwe ndi "usakhudze". Nambala ikadalipo. Mwezi wamawa uthenga wonena za chipatala ukulira m'thumba mwa munthu amene sayenera kudziwa, ndipo mudzi wathu umaudziwa momwe nkhani imayendera pa mjigo. Palibe pulogalamu yagwa, palibe chofiira chaoneka, koma mayi uja mwina sadzabweranso kudzatenga mankhwala.

Pamenepa pali zinthu zitatu: siya momwe ziliri, chotsa, ika chatsopano. Null imodzi singanyamule ziwiri. Lamulo la pa intaneti lotchedwa JSON Merge Patch, la mu 2014, linasankha kuti chosatchulidwa chisiyidwe ndipo chotchulidwa ndi null chichotsedwe. Mu JavaScript kusiyana kumeneku kulipo pakati pa `undefined` ndi `null`, ndipo udziwe kuti cholowa m'malo cha parameter chimagwira pa choyambacho chokha. Mu Python anthu amapanga kanthu kapadera koimira "sichinatchulidwe" kuti None atsale ndi tanthauzo limodzi. Mu Kotlin kapena Dart ukhoza kupanga mtundu wako wa nthambi zitatu, compiler n'kumakukakamiza kuyankha nthambi iliyonse. Njira ina yosavuta, imene ine ndimaikonda, ndi kulemba function ina payokha yochotsa nambala ya foni, dzina lake lonena ntchito yake. Sankha imene ukufuna, koma usasiye kusankha.

Vuto limeneli si la lero. Edgar Codd, amene anayala maziko a ma database amene timagwiritsa ntchito, pofika 1990 ankanena kuti chizindikiro chimodzi sichikwana, pakufunika china cha chinthu chimene chilipo koma sichikudziwika, ndi china cha chinthu chimene sichikumukhudza munthuyo. Tsiku lobereka la mayi amene sakulikumbukira ndi losiyana ndi tsiku lobereka la bambo. SQL sinatsatire ganizo lake, inatsala ndi NULL imodzi, n'chifukwa chake ntchitoyo yagwera iwe. A bungwe la HL7, pokonza njira ya FHIR imene zipatala zimatumizirana nayo mbiri za odwala, anaika mndandanda wa zifukwa zosowera yankho: sanafunsidwe, anafunsidwa koma sakudziwa, anakana kuyankha, funso silikumukhudza, ndi zina. Pa kaundula wako wa kusikelo sufunika zonsezo. Zitatu kapena zinayi zimene mlangizi angazizindikire zikwana, bola zikhale pambali pa mpata uliwonse wofunika. Ndipo polemba SQL kumbukira kuti `AVG` imadumpha NULL koma imawerengera 0, ndiponso kuti ukafunsa ana onse amene mudzi wawo si wakuti, amene mudzi wawo ndi NULL satuluka mbali iliyonse. Ana amenewo, osadziwika kwawo, ndiwo ofunika kuwafufuza poyamba.

Sindikunena kuti parameter yosiyika ndi yoipa. Kuchuluka kwa maina oonetsa pa tsamba limodzi, dongosolo la kasanjidwe, nthawi yodikira netiweki isanayesenso, zonsezi zipatse cholowa m'malo ndipo usavutitse nazo woitana. Muyezo wake ndi uwu: cholowa m'malocho chikalakwika, avutike ndani? Ngati ndi kalaliki amene adzangodina kawiri, palibe kanthu. Ngati chikunena kanthu za thupi la munthu, zaka zake, malo ake, ndalama zake kapena chilolezo chake, chisakhalepo. Chilolezo makamaka: munthu amene sanafunsidwe ngati akufuna kulandira mauthenga sanavomere. Pali malo amodzi pamene None ndiye njira yoyenera, ndipo a Python onse amapunthwapo kamodzi. Ukalemba `katemera=[]` ngati cholowa m'malo, mndandandawo umapangidwa kamodzi kokha, pamene function ikukhazikitsidwa, ndipo ana onse amagawana womwewo. Katemera wa mwana woyamba adzaonekera pa wachiwiri amene sanabayidwe. Ika None, ndipo mndandanda watsopano uupangire mkati.

Safunsa anadya phula, mphwanga, ndipo mafunso a nkhani imeneyi sayankhidwa pa intaneti. Ukabwera kumudzi pa tchuthi, funsa tsiku la sikelo, upemphe chilolezo kwa mlangizi ndi kwa oyang'anira chipatala, ukhale pambali pake m'mawa wonse. Maina a anthu usakopere, zithunzi usajambule, si zako. Iwe uziyang'ana dzanja lake: pamene akudumpha bokosi, pamene akuika kamzere, pamene akulemba 0, pamene akulemba kanthu m'mphepete mwa tsamba chifukwa fomu sinampatse malo. Akamaliza umufunse bokosi lililonse kuti akalisiya amatanthauza chiyani, ndipo ulembe mayankho ake m'mawu ake omwe. Ukabwerera ku Lilongwe tsegula function iliyonse ya kaundula uja, upeze paliponse pamene unalemba `= null`, `= 0`, `||` kapena `!`, ndipo pa aliponse ulembe mayeso atatu: limodzi lotumiza 0, lina lotumiza null, lina losatumiza kanthu. Zotsatira zake uziyerekeze ndi zimene mlangizi uja anakuuza. Pamene zasiyana, konza function yako, osati mlangizi. Ngati ntchitoyo ili mu PHP yakale, iyendetse pa 8.4 uwerenge machenjezo onse usanaipereke kwa eni ake.

Ndine malume ako.